Kiyi Wobwereketsa: Mbiri ya Maloko Athu Osaoneka

Kumapeto kwa mwezi, kaimeni mphindi khumi zokha pambali pa kauntala ya ejenti wa ndalama za pafoni pa Milonde. Musafunse kanthu, ingotcherani khutu. Afika mayi wachikulire, amasula mfundo ya pachitenje, atulutsa kafoni ka mabatani n'kupereka ndi manja awiri. "Mwanawe, tandionera ngati zalowa za ku Joni zija." Ejenti adinadina, kenako afunsa osadzutsa n'komwe mutu: "Nambala yachinsinsi, mayi?" Mayi aja aitchula mokweza, manambala onse anayi, pang'onopang'ono kuti mwanayo asaphonye. Wakabaza amene akudikira kasitomala wamva. Mtsikana wa zitumbuwa wamva. Inunso mwamva.

Palibe amene amadabwa, chifukwa tonse tinazolowera. Ndipo tisathamangire kuwaseka mayiwa. Zimene achita apa ndi zomwezo zimene anachita anthu ovala mataye ku Capital Hill, ndalama za boma mabiliyoni n'kusowa. Ndi zomwezonso zimene timachita ife a mafoni otsetsereka tikamauza chibwenzi pasiwedi ya Facebook kuti chikhulupirire kuti tilibe wina. Mukaitsata bwino mbiri ya umbava wa pamakina m'dziko muno, mupeza kuti ndi kawirikawiri pamene mbava inalowa ndi kiyi wopatsidwa ndi mwini nyumba. Kuthyola chitseko kumachitika, koma mwa apo ndi apo.

Nthawi ya envulopu

Makolo athu sanali ogona pa nkhani ya chinsinsi. Ndalama zinkagona m'chitini chokwiriridwa pansi pa mphasa, ndipo malowo ankawadziwa anthu awiri basi. Vuto linayamba pamene chinsinsi chinayamba kuyenda ulendo. Makalata oyamba m'dziko muno ankanyamulidwa ndi anthu oyenda wapansi, amtengatenga, ndipo kanyumba kamene ankapumirako pa Namaka, pamsewu wa Blantyre kupita ku Zomba, lero ndi kosungirako mbiri ya positi. Kenako anabwera masiku a Wenela ndi Theba, pamene amuna ankatsikira kumigodi ya ku Joni, ena kumafamu ndi m'mayadi a ku Halale. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha amalawi 74, unayambiranso mu 1977, n'kudzatheratu mu 1988. Zaka zonsezo, banja la kumudzi linkalumikizana ndi bambo wawo kudzera pa envulopu.

Kalata ikafika, nthawi zambiri kudzera pa bokosi la sukulu, la mpingo kapena la esiteti, mayi wosadziwa kuwerenga ankafuna maso obwereka. Ankapita kwa aphunzitsi, kwa mkulu wa mpingo, kapena kwa mwana wa mchemwali wake wa sitandade 5. Wowerengayo ankadziwa zonse: ndalama zimene zatumizidwa, ngongole yoti ibwezedwe, ngakhale mawu a kuchipinda. Kubwereketsa kiyi kunayambira pamenepo, ndipo sikunali kupusa. Mayiyo ankasankha munthu womudziwa, wa pamudzi pomwepo, woti akaulula kapena akadya ndalama nkhani ikathera pabwalo la amfumu. Wosunga chinsinsi anali ndi nkhope, anali ndi mayi ake, anali ndi manda a makolo ake pafupi.

M'nthawi ya chipani chimodzi anthu anaphunzira phunziro lina. Makalata, makamaka ochokera kunja, ankatha kutsekulidwa ndi apolisi achinsinsi asanafike kwa mwini wake. Anthu anayamba kulemba mophiphiritsa: zofunika kwenikweni ankatuma munthu wapakamwa. Mu Malichi 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi, makina a fakisi ndi a fotokope anasanduka zida zofalitsira mapepala otsutsa boma, ndipo apolisi ankafufuza m'maofesi kuti apeze amene akuchulukitsa mapepalawo. M'badwo umenewo unkadziwa bwino kuti uthenga wodutsa m'manja mwa ena uli ndi maso ambiri. Ife amene tinabadwa ufulu utabwera kale timatumiza chithunzi cha chiphaso cha unzika pa gulu la WhatsApp la anthu 200 osaganizako kawiri.

Loko wopangidwira munthu mmodzi

Pasiwedi inabadwira kutali ndi kuno. Mu 1961, pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, Fernando Corbató ndi anzake anakonza njira yoti anthu ambiri azigwiritsa ntchito kompyuta imodzi, chimakina chodzadza chipinda. Kuti wina asamaone mafayilo a mnzake, aliyense anapatsidwa liwu lake lachinsinsi. Chaka chotsatira, wophunzira wina dzina lake Allan Scherr, amene ankaloledwa maola anayi okha pasabata, anaona kuti nthawiyo ikumuchepera. Anangopempha makinawo kuti asindikize fayilo yosunga mapasiwedi a anthu onse, makina n'kumvera. Loko uja anatha chaka chimodzi chokha asanabedwe, ndipo wakubayo anali wa m'nyumba momwemo.

Nambala yachinsinsi ya ndalama inabwera ndi makina otulutsa ndalama pakhoma. Oyamba anatsekulidwa ndi banki ya Barclays ku Enfield, mumzinda wa London, mu Juni 1967. Manambala anayi amatha kusanjidwa m'njira 10,000, ndipo ukaphonya kangapo makina amakutsekera. Ndiye kuti munthu wongolota sangaipeze, pokhapokha ngati mwini wake anasankha 1234, 0000 kapena chaka chimene anabadwa, zomwe ambiri timachita. Mphamvu yonse ya loko ameneyu yagona pa lamulo limodzi: aidziwe munthu mmodzi yekha.

Apa ndi pamene pali mfundo yovuta. Loko ameneyu anapangidwira anthu amene aliyense ali ndi akaunti yake, amawerenga yekha, ndipo sabwereka foni. Anafika kwa ife kumene foni imodzi imatumikira nyumba yonse, kumene kumana mbale wako chinthu ndi mlandu, kumene mwana akabisira kholo nambala amafunsidwa kuti, "Ukundiyesa wakuba ine?" Chikhalidwe chathu chobwerekana mchere, khasu ndi njinga n'chabwino, chatipulumutsa pa njala zambiri. Koma khasu ukabwereketsa limabwerera. Nambala ukangoitchula, yatsala m'mutu mwa womvayo mpaka kalekale.

Vayirasi inakwera fulashi

Imelo inayamba kuyenda m'dziko muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pa Chancellor College ku Zomba, kudzera pa mawaya a lamya, ndipo dzina lodziwika pa ntchitoyo ndi la Dr Paulos Nyirenda. Kampani ya MalawiNet inayamba kugulitsa intaneti mu 1997. TNM inakhazikitsidwa mu 1995, Celtel inabwera mu 1999, n'kudzasintha kukhala Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010. Bungwe loyang'anira zonsezi, MACRA, linabadwa ndi lamulo la 1998.

Koma kwa mnyamata wa pa Milonde, kompyuta sinafike ndi mayina amenewa. Anakumana nayo pa kashopu kotayipa makalata ofunsira ntchito pa Chitakale, pa intaneti kafe ya ku Limbe, ndi kwa aja obena nyimbo ndi mafilimu pamsika. Kompyuta imodzi, mafulashi ndi mamemori khadi mazana pa sabata, aliyense kulowetsa chake. Matenda akanalephera bwanji kufala?

Vayirasi yoyamba kufala pa makompyuta a mtundu umene timagwiritsa ntchitowu inatchedwa Brain. Inalembedwa mu 1986 ndi abale awiri a ku Lahore ku Pakistan, Basit ndi Amjad Farooq Alvi, ndipo inkayenda pa madisiki amene anthu ankabwerekana. Yathu yotchuka inali ija yosandutsa mafoda kukhala mashotikati. Kachitidwe kake n'kosavuta kumva: imabisa mafoda anu enieni, n'kuika zithunzi zonamizira zofanana nawo. Mukadina kuti mutsekule, mwaidzutsa. Imadzikopera mu kompyutayo n'kudikira fulashi yotsatira. Makompyuta ambiri a m'mashopu amenewa anali ndi Windows yosagula, yosalandira zigamba zimene Microsoft imatumiza potseka mabowo, ndipo antivayirasi yake inali itatha mphamvu kalekale. Mu kafe namo, munthu nthawi ikamuthera ankangonyamuka osatseka akaunti yake, wobwera pambuyo n'kupeza Facebook ya mwini ili chitsekukire.

Masiku amenewo tinkangoseka. Chotayika chinali nyimbo, zithunzi za paukwati, kapena asayimenti ya mawa. Zinkawawa, koma palibe amene anagona ndi njala. Tinazolowera moyo wosatseka zitseko pa nthawi imene m'nyumbamo munalibe katundu.

Chaka chimene ndalama zinalowa m'makina

Katundu analowa mu 2012, pamene Airtel Money inayamba ndi dzina loti Khusa M'manja. TNM Mpamba inatsatira mu 2013. Kwa anthu okhala kutali ndi banki, ichi chinali chiwombolo chenicheni. Ndalama za fizi, za feteleza, za maliro zinayamba kufika pa mphindi imodzi, osadikira kondakitala wa minibasi. Kafoni ka mabatani kanasanduka chitini chija cha pansi pa mphasa, koma tsopano chikuyenda m'thumba, chikusiyidwa kotchajitsa, chikubwerekedwa ndi ana.

Chaka chomwecho cha 2013, dziko lonse linaona zimene kiyi wobwereketsa angachite. Boma linali ndi makina oyendetsera ndalama zake otchedwa IFMIS, amene anakhazikitsidwa kuti ndalama iliyonse yotuluka izisiya phazi. Mu Sepitembala, wothandizira akauntanti wina wa m'boma anapezeka ndi ndalama zankhaninkhani zosagwirizana ndi malipiro ake. Usiku wa pa 13 mwezi womwewo, mkulu woona za bajeti, Paul Mphwiyo, anawomberedwa pageti la nyumba yake ku Area 43 ku Lilongwe, koma anapulumuka. Mphika unavundukuka. Dzina loti Cashgate linalowa m'chinenero chathu.

Njira yake inali iyi. Munthu ankalowa m'makina aja, n'kulemba kuti kampani yakutiyakuti ilipidwe chifukwa yagulitsa katundu kuboma, pamene sinagulitse ngakhale singano. Cheke chinkasindikizidwa, chinkasinthidwa kubanki, kenako wina ankalowanso m'makina n'kufufuta mzere wonse ngati sunalembedwepo. Akatswiri ofufuza za ndalama a kampani ya Baker Tilly ya ku Britain, mu lipoti lawo la mu Febuluwale 2014, anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasokonekera m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala 2013. Kafukufuku wotsatira anakweza chiwerengerocho kufika pa K24 biliyoni. Mwa zofooka zimene zinaululika panali zinthu zoti aliyense wa ife angazizindikire: anthu kubwerekana mayina olowera ndi mapasiwedi, ndi anthu kukhala ndi mphamvu m'makina zoposa ntchito yawo. Pasiwedi ikakhala ya anthu asanu, funso loti "anafufuta ndani" limasowa poyankhira.

Pulezidenti Joyce Banda anathetsa nduna zake mu Okutobala 2013. Mayiko otithandiza, amene ankapereka pafupifupi 40 peresenti ya bajeti, anaimitsa thandizo la ndalama zokwana pafupifupi madola 150 miliyoni. Ena anamangidwa: Treza Senzani, amene anali mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo, analamulidwa zaka zitatu mu 2014, ndipo wamalonda Oswald Lutepo zaka 11 mu 2015. Koma amene analipira kwenikweni ndi aja opita kuchipatala cha boma n'kuuzidwa kuti akagule okha mankhwala. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Apa zinadyedwa ndi akulu, n'kupota ana.

Malamulo anabwera, akathyali nawo anasintha

Boma linayamba kumanga mpanda. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loona za malonda a pamakina ndi chitetezo cha pa intaneti, limene linapanga kulowa m'makina a mwini popanda chilolezo kukhala mlandu, ndiponso linakhazikitsa gulu loona za ngozi za pamakompyuta pansi pa MACRA. Mu 2017 bungwe la NRB linalemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire chiphaso cha unzika. Mu 2018 simukhadi iliyonse inayenera kulembetsedwa m'dzina la mwini wake. Mu 2024 kunabwera lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za munthu zimene makampani ndi maofesi amasunga. Maganizo ake anali omveka: nambala iliyonse ikhale ndi nkhope, ngati mmene zinalili nthawi ya envulopu.

Koma chiphaso nachonso tinayamba kuchibwereketsa. Wogulitsa masimukhadi pamsika ankatha kulembetsa makhadi angapo pa chiphaso cha kasitomala mmodzi. Pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020, nkhani zinamveka m'maboma ambiri za mavenda otolera ziphaso za alimi posinthana ndi kandalama kochepa. Munthu amapereka chiphaso akuganiza za feteleza yekha, osadziwa kuti nambala yolembetsedwa m'dzina lake ikhoza kukabera munthu ku Karonga, apolisi n'kudzagogoda pakhomo pake.

Mauthenga aja tonse timawadziwa. "Ndalama ija mutumize pa nambala iyi, yanga ija yavuta." "Mwawina pa mpikisano, tumizani kaye ya msonkho." "Ndine mphunzitsi, mwana wanu wakomoka, tili naye kuchipatala." "Ndine thiransipota, katundu wanu wa ku Joni wagwidwa pa Mwanza." "Dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo." Ina ndi ija ya uthenga wonamizira kuti mwalandira ndalama, kenako foni ya munthu wolira kuti watumiza molakwitsa, mumubwezere. Apolisi ndi akuluakulu a MACRA akhala akunena kuti ambiri mwa mafoni amenewa amachokera m'ndende, makamaka ya Zomba, ndipo MACRA inanenapo kuti amalawi amaberedwa pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse m'njira zotere.

Taonani bwino zida zimene akathyaliwa amagwiritsa ntchito. Palibe waya amene adula, palibe makina amene athyola. Agwira pa mantha a kholo, pa chiyembekezo cha mlimi, pa chisoni cha munthu wopemphera, ndi pa ulemu umene timapereka kwa aliyense wolankhula ngati wa muofesi. Ndipo nthawi zonse amakufulumizitsa, chifukwa akudziwa kuti ukangopeza mphindi zisanu zofunsa mnzako, malonda awo atha. Safunsa anadya phula.

Achinyamata tili ndi msampha wathuwathu. Mnzako wa pa WhatsApp akulembera kuti, "Aise, ndatumiza kodi kwa iwe molakwitsa, tanditumizire." Kodi ya manambala sikisi imeneyo ndi kiyi wa WhatsApp yako. Wina akuyesa kutsekula akaunti yako pa foni yake, ndipo amene akukulemberayo si mnzako uja, iye anaberedwa kale dzulo. Ukangotumiza, watulutsidwa m'nyumba yako yomwe, ndipo abale ako onse ayamba kulandira uthenga woti wagwa m'mavuto, akuthandize msangamsanga.

Pamene dziko linatsekeredwa kunja

Kumayambiriro kwa 2024, nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko inasiya kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo. Mu Febuluwale, Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu a pamakompyuta alowerera makinawo ndipo akufuna dipo, koma boma silipereka. Ena anatsutsa, nati gwero la vutolo linali kusamvana ndi kampani imene inakhazikitsa makinawo. Kaya zoona zinali mbali iti, chooneka ndi maso chinali chimodzi: mwini nyumba anaima panja, kiyi ali m'manja mwa wina. Amene anali ndi ulendo wa kusukulu, wa kuchipatala kapena wa ntchito kunja anangokhala manja m'khosi mpaka ntchito inayambiranso mu Malichi.

Umbava wofuna dipo si wachilendo padziko. Mu Meyi 2017, pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inatseka mafayilo m'makompyuta a m'mayiko pafupifupi 150, kuphatikizapo zipatala za boma ku Britain. Chopweteka n'chakuti Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka bowo limenelo miyezi iwiri m'mbuyomo. Amene anagwidwa ndi aja ankati tidzaika mawa. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Musaganize kuti izi ndi za maofesi akuluakulu okha. Kaofesi ka sukulu kamene kamasunga mayina ndi malikisi a ana pa laputopu imodzi, kagulu ka banki m'khonde kamene kaundula wake ali pa foni ya mlembi, kalabu ya alimi a tiyi, kashopu ka fotokope: onsewa akhoza kudzuka m'mawa wina n'kupeza zonse zapita. Ndipo si mbava yokha imene imachita zimenezi. Ife a ku Mulanje tinaona mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula mapiri ndi kudzadza mitsinje, kuti madzi sasankha pakati pa setifiketi, buku la ngongole ndi foni. Chimene chili pamalo amodzi okha chili pangozi, kaya chotseka ndi loko wamphamvu bwanji.

Zimene mbiriyi yatisiyira

Tikaziika pamodzi zaka zonsezi, malangizo ake ndi ochepa, ndipo ambiri safuna ndalama.

Cashgate ikutiuza kuti paofesi, ngakhale ya anthu atatu, aliyense akhale ndi dzina lake lolowera pa kompyuta ndi pasiwedi yakeyake. Wolemba malipiro asakhale yemweyo wovomereza. Wantchito akachoka, kaya mwamtendere kaya mokangana, makiyi onse amene ankawadziwa asinthidwe tsiku lomwelo, kuphatikizapo ya imelo, ya tsamba la Facebook la bizinesi ndi ya Wi-Fi. Kapepala ka pasiwedi komata pa sikirini kang'ambidwe lero.

Nkhani ya Allan Scherr ikutiuza kuti mapasiwedi amabedwa mwaunyinji kumene amasungidwa. N'chifukwa chake pasiwedi imodzi siyenera kutsekula zitseko zonse. Ikabedwa pa katsamba ka masewera, mbava imakaiyesa pa Gmail ndi pa Facebook. Pasiwedi yabwino ndi yaitali: mawu anayi kapena asanu a Chichewa kapena Chilomwe osagwirizana, oti inu muwakumbuka koma wina sangawalote. Dzina la mwana wanu, la timu yanu ndi chaka chobadwa zili kale poyera pa Facebook.

Nkhani ya WhatsApp ikutiuza kuti chitseko chikhale ndi maloko awiri. WhatsApp, Facebook ndi Gmail zonse zili ndi potsekulira chitsimikizo chachiwiri, ndipo kuchitchera sikutenga mphindi zisanu. Kodi iliyonse yobwera pa foni yanu ndi yanu nokha. Wa kubanki weniweni kapena wa kampani ya foni sangakufunseni nambala yachinsinsi. Wofunsa ameneyo mudziwiretu kuti ndi wakuba. Uthenga woti mwalandira ndalama musaukhulupirire musanaone nokha balansi. Foni yonena za mwana wodwala kapena katundu wogwidwa, idulani, muimbire munthu amene mukumudziwa pa nambala imene muli nayo kale.

Nthawi ya fulashi ndi WannaCry zikutiuza kuti foni kapena kompyuta ikapempha kuti ilandire zatsopano, tiilole, ngakhale bandulo ikuwawa. Windows 7 inasiya kulandira zigamba mu Januwale 2020, koma ikugwirabe ntchito m'mashopu ambiri. Kompyuta yotero si yolowerapo akaunti ya kubanki. Mapulogalamu otumiziridwa pa WhatsApp, aja olonjeza intaneti yaulere kapena WhatsApp yokhala ndi zozizwitsa, ndi fulashi ya masiku ano. Ndipo mukabwereka foni kapena kompyuta ya wina, tulukani mu akaunti yanu musanabweze.

Mapasipoti ndi Freddy zikutiuza kuti chofunika chilichonse chikhale pamalo awiri kapena atatu: pa kompyuta, pa fulashi yosungidwa nyumba ina, ndi pa intaneti ngati n'kotheka. Jambulani masetifiketi anu. Ndipo wokukonzerani kompyuta kapena wokutsekulirani imelo ya bizinesi asachoke ndi kiyi yekha. Akupatseni, musinthe iye atapita.

Tibwerere pa kauntala paja

Zonsezi n'zosavuta kwa inu amene mukuwerenga pa foni yanu. Nanga mayi aja a kafoni ka pamfundo ya chitenje? Maso awo saona bwino timanambala, ndipo mauthenga ena a pafoni amabwera m'Chingerezi. Kuwauza kuti "musauze munthu aliyense" ndi kuwauza kuti asiye kulandira ndalama za mwana wawo. Adzabwerekabe maso, monga anachitira amayi awo nthawi ya Theba.

Chimene tingabwezeretse ndi nzeru ija ya nthawi ya envulopu: maso obwereka akhale a munthu mmodzi, wosankhidwa, wodziwika, woti akalakwa pali pomupeza. Ambiri mwa ife ndife kale munthu ameneyo kwathu. Ndife amene tinawatsekulira akaunti, ndife timawawerengera mauthenga. Udindo umene unali wa aphunzitsi ndi akulu a mpingo uli m'manja mwathu tsopano, ndipo mbava zake zili kutali, zosaoneka nkhope.

Ine ndinayamba ndi azakhali anga. Tinakhala pakhonde Loweruka lina, tinasintha nambala yawo kuchoka pa chaka chimene anabadwa, ndipo tinayeserera kudina mabatani anayiwo mpaka chala chinazolowera njira yake chokha, ngati mmene chimadziwira mfundo ya chitenje mumdima. Tinagwirizana kuti kwa ejenti azipereka foni, koma ikafika pa nambala aziitenga n'kudina okha, dzanja lina litaphimba. Tinagwirizananso kuti aliyense woimba za ndalama, ngakhale atati ndi ine, azidula n'kundiimbira pa nambala yanga.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa: "Nanga ejenti uja akakhumudwa? Ndi mwana wa kwa anzathu uja."

Ndinawauza kuti ejenti wabwino sakhumudwa, amasangalala, chifukwa tsiku limene ndalama zidzasowe palibe amene adzamuloze chala. Anaganiza pang'ono, nati, "Chabwino. Koma iweyo ukuidziwa."

"Eya, ndikuidziwa."

"Ndiye zikadzasowa ndidzadziwa kopita," anatero, akumanganso foni ija pamfundo.